Musanaidule mfuti ya .303 ija, tamvani kaye achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina yemwe wakhala ku Limpopo, ku South Africa, kwa zaka zoposa 20. Laisensi yake ya mfuti yangotuluka kumene, ndipo mfuti yomwe wagula ndi ya asilikali akale, Lee-Enfield No. 4 Mk I, ija ambiri timangoiti .303. Funso lake linali lakuti: "Mfutiyi ikulemera ndipo ikuoneka yachikale. Ndikufuna kudula matabwa akutsogolo, kufupikitsa mpope, kuika scope (galasi loonera patali) ndi chitako cha pulasitiki, kuti ndizisakira nswala ndi njiri. Ndiyambire pati?" Kumapeto anawonjezera kuti agogo ake aamuna anali msilikali wa Keyala.

Achimwene, yankho langa ndi ili: ngati mfutiyo idakali yathunthu monga inatulukira ku fakitale, sowo isaiyandikire. Mungathe kuisandutsa mfuti yabwino yosakira popanda kuchita chilichonse chomwe simungadzachibweze.

Koma tisanafike pa zokongoletsa, pali zinthu ziwiri zomwe zingakupwetekeni. Choyamba ndi lamulo. Firearms Control Act ya chaka cha 2000 imati kusintha kutalika kwa mpope kapena kukula kwa chipolopolo chomwe mfuti imadya ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi chiphaso, ndipo pamafunika chilolezo cholembedwa kuchokera ku ofesi yolembetsa mfuti. Mukadula nokha kuseri kwa nyumba, mfuti yanu yovomerezekayo imasanduka yoletsedwa tsiku lomwelo. Nambala yake musaifufute ngakhale pang'ono popala dzimbiri. Mukadzafuna kupita nayo kumudzi, pafunika mapepala a mbali zonse ziwiri za malire.

Chachiwiri ndi thanzi la mfutiyo. Yang'anani zilembo zonse zodindidwa pa chitsulo ndi pa thabwa. Mukapeza DP, musaikemo chipolopolo, zivute zitani: zilembozo zimatanthauza kuti asilikali anaichotsa pa mfuti zowombera n'kuisiya yophunzirira perete basi, ndipo zina mwa zotere zinali ndi chilema chosaoneka ndi maso. Mukapeza FTR, mtima ukhale m'malo, ndiye kuti inabwerera ku fakitale n'kukonzedwa yonse. Onaninso ngati nambala ya pa bolt, chitsulo chokoka ndi dzanja chomwe chimalowetsa chipolopolo n'kuchitsekera, ikufanana ndi ya pa thupi la mfuti. Kenako pitani nayo kwa mmisiri akayeze mpata womwe uli pakati pa mutu wa bolt ndi kumbuyo kwa mpope, pomwe mkombero wa chipolopolo umakhala. Asilikali a Britain ankalola mpatawu kuyambira 0.064 mpaka 0.074 ya inchi. Ukapitirira pamenepo, chigoba cha chipolopolo chimatanuka mpaka kuduka, ndipo mpweya wotentha umabwerera kumaso kwanu. Ubwino wa No. 4 ndi wakuti mutu wa bolt umamasuka, ndipo anaipanga mitu ya misinkhu yosiyana, yolembedwa 0, 1, 2 ndi 3. Nthawi zambiri mmisiri amangosintha mutuwo, vuto n'kutha.

Suzumiraninso mumpope mutaulozetsa kowala. Zipolopolo zankhondo za masiku amenewo zinkasiya mchere womwe umakoka chinyezi, ndipo mfuti yomwe sinatsukidwe bwino imakhala ndi timaenje ngati nsabwe za dzimbiri m'kati monse. Mpope wakuda pang'ono usakuopseni, yambiri yotere imalasabe bwino. Koma ngati mizere ya m'kati yafufutika pafupi ndi pomwe chipolopolo chimakhala, scope ya ndalama zingati singathandize. Ndipo mukadzapatsidwa zipolopolo zakale zija, tsukani monga ankachitira asilikali: madzi owira a mu ketulo, kuthira ndi fanulo kuchokera kumbuyo kuti atulukire kukamwa. Chitsulo chimatentha n'kudziumitsa chokha, inu n'kupaka mafuta.

Tsopano za matabwa, pomwe pagona nkhani yanga yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti thabwa lalitali lapansi pa mpope ndi katundu wongolemeretsa. Si choncho. Pa No. 4, thabwa limenelo anaselera dala kuti kumapeto kwake lizikankha mpope m'mwamba pang'ono, ndipo kumbuyo lizigwira thupi la mfuti molimba pamalo pomwe mphamvu ya kuwombera imafikira. Kukankha kumeneko ndi komwe kumachititsa kuti mpope uzinjenjemera mofanana nthawi iliyonse. Ine ndinaziphunzira mochedwa. Mfuti yanga yoyamba inali ya ku Long Branch, ku Canada, ya 1943. Ndinamvera mnzanga wina, tinaliika thabwa pa benchi n'kulidula pakati, tsiku limodzi masana. Mfuti yomwe inkaika zipolopolo zisanu pamalo okwana chikhatho pa mamita 100 inayamba kumwaza ngati munthu wofesa mawere. Ndinawononga ndalama zambiri kwa mmisiri kuti ibwerere mwakale, ndipo thabwa loyambiriralo, lomwe linali ndi zidindo zake, silinabwerere. Mpaka lero chidutswa chija ndimachisunga, ndipo ndikachiona mtima umandiwawa.

Mwati ikulemera. Zoona, imapitirira pang'ono makilogalamu 4. Koma kulemera komweko ndi komwe kumameza kukankha kwa .303 pa phewa. Mukaipepula kwambiri mudzayamba kutsinzina musanakoke, ndipo mlenje wotsinzina amangovulaza nyama. A Britain omwe anaifupikitsa mu 1944 n'kupanga No. 5, ija amati Jungle Carbine, ndipo imadziwika ndi kumenya phewa.

Ngati mukufunabe maonekedwe atsopano, njira ilipo. Gulani chitako ndi thabwa zina, zapulasitiki kapena zamtengo, mumasule zakalezo bwinobwino, muzikulunge pamodzi ndi timikombero take ndi masikuluwu onse, musunge pouma. Tsiku lomwe mudzafune, mudzazibwezera. Muyeseninso kutalika kwa chitako chomwe chilipo: ankazipanga zosiyana, ndipo pafupi ndi chitsulo chakumapeto mungapeze chilembo S kapena L, chachifupi kapena chachitali. Nthawi zina munthu amadana ndi mfuti chonsecho vuto ndi chitako chosagwirizana ndi mkono wake.

Koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kutsuka matabwa omwe alipowo, ndione kaye chomwe chabisala pansi pa litsiro la zaka 80. Sandipepa ayi, imadya zidindo ndi m'mbali. Ikani thabwalo m'thumba lakuda la pulasitiki, muliyanike padzuwa la ku Limpopo. Pakatha maola angapo mudzaona girisi wakale akutuluka ngati thukuta. Pukutani, bwezerani padzuwa, mpaka atasiya. Pomwe pali potiwizika, ikani kansalu konyowa n'kusindikiza ndi ayironi yotentha: nthunzi imatupitsa mtengo, dzenje n'kudzuka. Mukatero, mafuta a linseed, aja opaka matabwa, madontho ochepa chabe pa chikhatho, kutikita mpaka dzanja litatentha, kupukuta otsala, kudikira mawa. Vanishi musayerekeze. Pakatha masabata awiri mtundu wa mtengo umatuluka wofiirira, wofewa m'manja, ndipo fungo lake ndi lomwelo agogo anu ankalimva. Nsanza za linseed muziziyala panja kapena kuziviika m'madzi, chifukwa zikaunjikana zimatha kuyaka zokha.

Za scope, pali zomangirira zomwe sizifuna kuboola chitsulo: mumachotsa choyang'anira chakumbuyo, chomangiriracho n'kukhala pamalo pake. Zina zimagwedera pakapita nthawi, choncho musagule yotchipitsitsa. Dziwaninso kuti scope ikakhala pamwamba simungathenso kulowetsa zipolopolo zisanuzisanu ndi kachitsulo kaja, muziika chimodzichimodzi, ndipo tsaya lanu lidzalendewera m'malere chifukwa chitako ndi chotsika. Ngakhale a kampani ya mfuti ya Holland & Holland, pomwe ankasandutsa No. 4 kukhala mfuti za akatswiri olasa patali pa nkhondo yachiwiri, ankawonjezera kathabwa kotsamira tsaya. Inu kachikopa komanga ndi zingwe kakukwanirani. Komabe ndikupempheni, musanagule scope, muwombere kaye kangapo ndi choyang'anira chake chomwe. Kabowo kake koyang'anira, komwe kali pafupi ndi diso, ndi kabwino kwambiri m'tchire la mitengo, momwe nyama imaoneka pafupi. Mungokumbukira kuti kabowo kakakulu anakatchera pa mayadi 300, choncho pafupi kamalasa m'mwamba.

Zipolopolo zosakira zikhale za nsonga yofewa, osati zankhondo zokutidwa nsonga yonse, zomwe zimangoboola nyama n'kupitirira, iyo n'kukafera kutali. Za .303 sizisowa kumeneko, kampani ya PMP ya ku Pretoria yakhala ikuzipanga. Musalole munthu akupangireni zamphamvu kuposa muyezo. Bolt ya Lee-Enfield imakhoma chakumbuyo, n'chifukwa chake imayenda mofewa ndi mwachangu chonchija, koma siikonda kupanikizidwa.

Mawu anu omaliza aja, a agogo anu, ndi omwe andichititsa kulemba motalika chonchi. King's African Rifles, yomwe timaiti Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a ku Nyasaland. Anyamata a kwathu ananyamula Lee-Enfield ku East Africa, ndipo mu 1944 anafika nayo mpaka m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma. Amene munafikapo ku Zomba munaona chipilala chawo. Sindikunena kuti mfuti yanuyo inagwiridwa ndi Mmalawi, koma kulemera komwe mukudandaulako ndi komwe kunali pa phewa la agogo anu. Zathunthu zikuchepa chaka ndi chaka, pomwe zodulidwa kale zili mbwee m'masitolo a mfuti, zina zokonzedwa mwaluso ndi a Parker-Hale a ku Birmingham. Ngati manja akuyabwa kufuna yosema ndi kuboola, dzafunsireni laisensi ya imodzi mwa zimenezo.

Pakadali pano, nditumizireni zithunzi za zilembo za kumanzere kwa thupi la mfutiyo ndi za pa mkombero wachitsulo pomwe chitako chimalumikizira, nambala mutaiphimba. Tione ngati ndi ya ku fakitale ya Fazakerley, Maltby, BSA, Long Branch kapena Savage, ndi chaka chake. Kwa mmisiri pitani Loweruka lomweli, musanawombere ngakhale chimodzi.