Ma goblin anayi anatsala pang'ono kupha gulu, chilombo chachikulu chinafa msanga

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yodandaula. Amayendetsa Dungeons & Dragons ya mtundu wachisanu, masewero a patebulo ongopeka nkhani ndi kuponya madayisi, kwa anzake anayi. Anzakewo ali pa levulo 1, ma goblin (tizilombo tating'ono tooneka ngati anthu) anayi okha anatsala pang'ono kuwamaliza onse. Atafika pa levulo 5, chilombo chachikulu chimene anachikonzekera kwambiri chinagwa maraundi awiri asanathe. Ndiye akufunsa ngati Challenge Rating (CR), nambala yosonyeza kuopsa kwa chilombo, ndi bodza.

Si bodza ayi, koma nambalayo imayeza chilombo pachokha. Siiwerenga kuti mbali iliyonse ili ndi mipata ingati yomenya, kapenanso kuti osewera afika pa ndewuyo atatopa bwanji. Zinthu ziwirizi n'zimene zakuvutani.

Za ma goblin, buku linakuchenjezani. Goblin mmodzi ndi CR 1/4, ndipo amapereka 50 XP (mapointi amene osewera amapeza akagonjetsa mdani). Anayi ndi 200. Koma Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la woyendetsa masewero, imati zilombo zikakhala pakati pa 3 ndi 6, nambalayo muichulukitse ndi 2, ndiye ikhala 400. Kwa munthu mmodzi wa levulo 1, ndewu imatchedwa yoika moyo pachiswe ikafika pa 100 XP. Anthu anayi ndi 400 ndendende. Ambiri amaiwala kuchulukitsaku. Onjezani kuti wamatsenga wa levulo 1 amakhala ndi HP (mapointi a moyo) pafupifupi 7 kapena 8, pamene muvi wa goblin umachotsa 1d6+2 (dayisi imodzi ya mbali 6, kuwonjezera 2). Mivi iwiri yokha, munthu ali pansi. Akagwa mmodzi, otsala atatu akulimbana ndi anayi, wina akusiya kumenya kuti adzutse mnzake, basi zinthu zimapita zikuipiraipira.

Chilombo chanu chachikulu chinakumana ndi vuto lomweli, kungoti ulendo uno ochuluka anali osewera. Pa raundi iliyonse iwo amachita zinthu kanayi, icho kamodzi. Pa levulo 5 wankhondo amamenya kawiri pa mpata umodzi, ndipo wamatsenga wapeza Fireball, matsenga a moto a 8d6. Chikalephera dayisi imodzi yodzitetezera ku matsenga oumitsa thupi, raundi yonse yapita chisanachite kanthu. N'chifukwa chake zinjoka zazikulu zinapatsidwa Legendary Actions ndi Legendary Resistance, kuti zizichitako kanthu pakati pa mipata ya osewera komanso zisagwe ndi dayisi imodzi yoipa. Ngati chanu chilibe zimenezi, musachitumize chokha. Chipatseni otsatira atatu kapena anayi ofooka. Adzafa msanga, inde, koma nkhonya iliyonse yopita kwa iwo ndi nkhonya imene bwana wawo wapulumuka.

Ndikukayikiranso kuti gulu lanu linafika kwa chilombocho litangopuma kumene. Masamu a 2014 aja anawerengera kuti tsiku limodzi la m'masewero lizikhala ndi ndewu 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zovuta. Matebulo ambiri safikako, nthawi yake ilibe. Ndewu ikakhala imodzi patsiku, aliyense amatulutsa matsenga ake onse aakulu nthawi imodzi. Simukufunika kufika pa 8, koma ikani ndewu ziwiri kapena zitatu patsogolo, ndipo pakhale chifukwa cha m'nkhani chowaletsa kugona maola 8 pakhomo pa mdani.

Chida chimene ndimachikonda kwambiri ndi kubweretsa adani m'magulu. Yambani ndi ochepa. Mukaona kuti osewera akungodutsa, ena atulukire pa raundi yachitatu. Mukaona kuti zavuta, amenewo asabwere, ndipo palibe adzadziwe. Njirayi ndimaiona yabwino kuposa kunamizira dayisi kuseri kwa chotchinga cha woyendetsa masewero, chifukwa osewera akangozindikira kuti mumasintha manambala, ngakhale kupambana kwenikweni amayamba kukukayikira. HP nayonso ili ndi mpata wololedwa: m'malamulo a 2014 ogre (chimphona) analembedwa 59, koma madayisi ake ndi 7d10+21, kutanthauza kuti akhoza kukhala ndi 28 mpaka 91. Sankhani nambala ndewu isanayambe.

Adani asamangomenya mpaka kufa. Goblin amene anzake awiri agwa akhoza kuthawa, achifwamba akhoza kugwira anthu m'malo mowapha.

Ngati mukufuna masamu odalirika kwambiri, gemu ina yofanana ndi imeneyi, Pathfinder ya mtundu wachiwiri, imene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2019, imachita bwino pamenepa: kwa osewera anayi, 80 XP ndi ndewu yapakatikati, 120 ndi yoopsa. Dungeon Master's Guide ya 2024 inachotsa kuchulukitsa kuja, choncho ngati mwasamukira kumeneko, kuwerenga mipata ya mbali iliyonse kwatsala m'manja mwanu. Musanayambe gemu yotsatira, lembani papepala kuti adani amenya kangati pa raundi imodzi, ndi HP ya wosewera wofooka kwambiri. Ngati nkhonya ziwiri zikumugwetsa, chotsani mdani mmodzi.