Chifukwa chake Tokyo Ghoul:re imasokoneza amene anaonera √A

Kalata yanu ya pa imelo ndailandira. Mwanena kuti munaonera sizoni yoyamba ya Tokyo Ghoul, munapitiriza ndi Tokyo Ghoul √A, koma mutayamba Tokyo Ghoul:re munapeza kuti Ken Kaneki, mwini nkhaniyo, kulibe, ndipo m'malo mwake muli mnyamata wotchedwa Haise Sasaki amene akugwira ntchito ndi anthu osaka maghoul, zolengedwa zooneka ngati anthu zimene zimadya nyama ya munthu. Mukufuna kudziwa ngati pali magawo amene munawadumpha, komanso ngati n'koyenera kupitiriza. Palibe chimene munadumpha. Vuto lagona pa mmene makatuniwa anapangidwira, ndipo kuti ndilifotokoze bwino ndiyenera kuulula zina za m'nkhaniyi, choncho amene sanaonere akhale ochenjezedwa.

Nkhaniyi inayamba ngati manga, mabuku azithunzi a ku Japan, yolembedwa ndi kujambulidwa ndi Sui Ishida. Inkatuluka m'magazini ya Weekly Young Jump kuyambira 2011 mpaka 2014 ndipo inakwana mabuku 14, kenako Tokyo Ghoul:re inatsatira kuyambira 2014 mpaka 2018 ndi mabuku 16. Kampani ya Pierrot inatulutsa sizoni yoyamba ya makatuni mu 2014, ndipo ngakhale inafupikitsa zinthu zina, inayenda m'mapazi a mabukuwo: Kaneki, wophunzira wa pa yunivesite, apulumuka ngozi ya zitsulo zimene zinagwera Rize Kamishiro, ghoul wamkazi amene ankafuna kumudya, dokotala amuika chiwalo cha Rize, ndipo adzuka ali theka munthu theka ghoul, chakudya cha anthu chikumunyansa, chimene thupi lake likufuna ili nyama ya munthu. Sizoniyo itha pamene ghoul wankhanza wotchedwa Yamori amuzunza mpaka tsitsi lake liyera.

Pa √A, imene inatuluka mu 2015, m'pamene njira zinapatukana. M'makatuni Kaneki alowa gulu la Aogiri Tree, gulu lomwelo limene linamugwira n'kumuzunza. M'mabuku sachita zimenezo, koma achoka pa Anteiku, malo ogulitsira khofi kumene maghoul ofatsa anamulandira, n'kuyambitsa kagulu kakekake pamodzi ndi maghoul ena, Banjou, Hinami ndi Tsukiyama, cholinga chake chili kufufuza Dr. Kanou amene anamusandutsa chimene ali. Mathero nawonso ndi osiyana. √A itha Kaneki atanyamula mnzake Hide m'chipale chofewa, akuyenda kupita kumene kuli Kishou Arima, ndipo nkhondo yawo sionetsedwa. M'mabuku nkhondoyo ilipo yonse: Arima, katswiri woopedwa wa CCG, bungwe losaka maghoul, agonjetsa Kaneki m'ngalande za pansi pa mzinda, namulasa m'maso mpaka chida chifika mu ubongo. Pamene Pierrot inabwerera mu 2018 kudzapanga :re, inatsatira mabuku ngati kuti √A sinakhaleko, ndipo sinavutike kufotokozera oonera kuti yatero.

Ndiye Haise Sasaki ndi Kaneki yemweyo, patapita zaka ziwiri, ataiwala zonse chifukwa cha bala lija. A CCG sanamuphe, koma anamupatsa dzina latsopano ndi ntchito yoyang'anira kagulu ka Quinx, achinyamata anayi, Urie, Shirazu, Mutsuki ndi Saiko, amene anaikidwa mphamvu za maghoul m'matupi mwawo kuti azilimbana ndi maghoul. Mukadziwa za kagulu ka Kaneki ka m'mabuku, mumvetsanso chifukwa chake Tsukiyama wadwala ndi chisoni mpaka kufooka, zimene munthu woonera √A yokha sangazione tanthauzo lake.

Pa funso lakuti mupitirize kapena ayi, yankho langa ndi lakuti nkhaniyi ndi yoyenera kuimaliza, chifukwa chimene chimaisiyanitsa ndi nkhani zina zoopsa chimakula kwambiri mu :re. Ife tinakula tikumva za afiti odya mitembo, ndipo m'nkhani zimenezo mfiti amachita zoipa mwadala. Ghoul wa Ishida sanasankhe kanthu: anabadwa ndi thupi limene silingagaye chakudya china, kupatula kumwa khofi ndi madzi, ndipo njala ikamukulira amasokonezeka mutu. A Yoshimura, mwini wa Anteiku, ankadyetsa anzawo mitembo ya anthu amene anadzipha okha kuti asaphe munthu, koma ngakhale zimenezo sizinawapulumutse kwa a CCG. Kumbali inayo, ofufuza a CCG si zigawenga ayi, pakuti ambiri mwa iwo ndi ana amasiye amene makolo awo anadyedwa. Wofufuza wina, Kureo Mado, anapha mayi a Hinami mwanayo akuona, Touka, ghoul wogwira ntchito pa Anteiku, anabwezera popha Mado, ndipo pambuyo pake tidziwa kuti Mado anasiya mwana wamkazi, Akira, amene mu :re ndi mkulu wa Haise pa ntchito ndipo amamusamalira ngati mayi. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti Haise ndi wosangalala. Amaphikira ana a Quinx chakudya chimene iye sangadye, amaona Arima ngati bambo ake osadziwa kuti ndi amene anamulasa, ndipo amaopa kukumbukira zakale chifukwa akudziwa kuti Kaneki akabwerera, moyo umenewu utha. Woonera amafuna kuti Kaneki abwerere, koma nthawi yomweyo amamvera chisoni munthu amene afafanizike.

Makatuni a :re sanaupatse nthawi yokwanira ulusi umenewu. Ali ndi magawo 24 okha pa machaputala 179, ndipo magawo 12 omaliza anapanikiza machaputala oposa 100. Anthu atsopano amaonekera popanda kudziwitsidwa kuti ndi yani, ena amafa tisanawazolowere, ndipo nkhondo zimene m'mabuku zinakonzeredwa kwa nthawi yaitali zimatha m'mphindi zochepa. Magawo 12 oyamba amatsatika bwino, makamaka okhudza banja la Tsukiyama ndi imfa ya Shirazu, koma otsatirawo ndimawaona ngati chidule cha anthu amene anawerenga kale.

Choncho imani kaye pamene mwafikapo, mupeze mabuku oyamba aja, muwerenge kuyambira buku la 7 mpaka la 14, ndipo ngati mungathe, muyambire pa loyamba penipeni, chifukwa ngakhale sizoni yoyamba inasinthanitsa dongosolo la zochitika zina. Mukatero muwerenge :re, makatuniwo mudzaonere pambuyo. Mabukuwa anamasuliridwa m'Chingerezi ndi kampani ya Viz Media. Dziwaninso kuti ngakhale ndi zojambula, nkhaniyi si ya ana, pakuti muli kuzunza anthu, kudula ziwalo ndi kudzipha, ndipo mabuku amaonetsa poyera zimene wailesi za kanema ku Japan zinaphimba ndi mdima.