Pulogalamu Yatsopano ku MUBAS Si Yoopsa

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuti mwana wanu alembere pulogalamu yatsopano ya maphunziro ku yunivesite ya MUBAS. Muloleni alembere, bola mutsimikize kaye kuti bungwe la NCHE, lomwe limayang'anira maphunziro a m'mayunivesite, linaivomereza. Sukuluyi, yomwe kale inali Polytechnic, inayamba kuima payokha mu 2021, choncho kuyambitsa maphunziro atsopano sikodabwitsa.

Mphwanga anali m'gulu loyamba la pulogalamu ngati imeneyi pa yunivesite ina ya boma. Mabuku m'laibulale anali operewera ndithu, koma popeza ophunzira anali ochepa, mphunzitsi ankawatenga kukatunga madzi a m'zitsime za m'midzi n'kukawayeza mu labotale, ndipo kafukufuku ameneyu ndiye anamupezetsa ntchito.

Ngati pulogalamuyo ndi ya uinjiniya, funsaninso kwa Registrar wa ku MUBAS ngati omaliza maphunzirowa angalembetsedwe ku bungwe la mainjiniya.