Mafunso Anu: Miyala youma ndingoiponya mu thanki ya madzi a mchere?

FUNSO: Akulu, ine ndili ku Durban kuno, ndakhala ndikuweta mbuna za kwathu mu akwariyamu koma pano mtima wapita pa za m'nyanja ya mchere, ma coral ndi ti clownfish. Ndagula miyala youma ija amati dry rock kwa munthu wina amene anasiya kuweta, ikuoneka yoyera bwinobwino. Ndingoitsuka pa mpopi n'kuponyamo kapena pali zina? – Wowerenga, Durban

YANKHO: Achimwene dikirani kaye, kuyerako kusakupusitseni. Miyala ya mbuna mumangotsuka basi chifukwa ndi yolimba yosalowa kanthu, koma iyi ndi ina, yambiri mwa iyo ndi ma coral akale omwe anafa kalekale, ili ndi timabowo tambirimbiri ndipo mkatimo mwatsalira tizilombo touma, ndere ndi phosphate, chomwe ndi chakudya cha ndere. Poti inachokera mu thanki ya munthu ndiye ili nazo zambiri zedi. Mukaiika lero, zonsezo ziyamba kuwola m'madzi anu ndipo pakatha mwezi galasi lonse lili biriwiri, inu mukudabwa kuti ndalakwa pati.

Yambani ndi Jik, wamba uja wopanda fungo la maluwa. Thirani m'chidebe cha pulasitiki chachikulu, kapu imodzi ya Jik pa makapu 10 a madzi, miyala imire yonse kwa sabata. Kenako tsukani kangapo, viikani m'madzi othira mankhwala ochotsa chlorine, yanikani padzuwa mpaka mukainunkhiza pasamveke Jik ngakhale pang'ono.

Ena amaiviikanso mu asidi wa mu swimming pool kuti adye khungu lapamwamba pomwe pamakakamira phosphate. Zimathandiza inde koma kwa ongoyamba kumene ine sindilimbikitsa, mwala umachita thovu n'kusungunuka mukuona, utsi wake ndi woopsa. Ndipo chonde chonde, asidi ndi Jik zisakumane olo tsiku limodzi, zimatulutsa mpweya wa chlorine womwe ungakugonekeni kuchipatala.

Apa ndiye pofunika mtima wodekha. Ikani miyalayo m'chidebe cha madzi a mchere, osati mchere wakukhitchini ayi, wa akwariyamu, ndipo madziwo akhale osefedwa ndi makina ochotsa zonse zosungunuka m'madzi aja amati RO/DI chifukwa a pa mpopi amabweranso ndi phosphate wawo. Mchere ufike 1.025 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere m'madzi), hita pa madigiri 25 kapena 26, kapampu kazizunguliza madzi, vindikirani kuti kuwala kusalowe ndere zingamere. Sabata iliyonse yezani phosphate, akakwera tayani madzi muthire atsopano, mpaka aziwerenga pansi pa 0.1 ppm (muyeso wa pa choyezera chanu) osakweranso. Miyala ina imatha msanga, ina ngati Pukani ya ku Fiji imavuta, itha kukudyerani miyezi iwiri kapena kuposa.

Dziwaninso kuti Jik uja wapha chilichonse, mwalawo ulibe mabakiteriya ofunika aja amene amasandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba, kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako nitrate wosaopsa kwambiri. Thiranimo a m'botolo ogula kushopu ya nsomba ndi ammonia pang'ono kuti adye, mudzaona ammonia akutsika, nitrite akukwera kenako n'kutsika, nitrate n'kuoneka. Awiri oyambawo akafika pa 0 ndiye mutha kuika clownfish, ma coral adikirebe kaye. Fumbi lofiirira likadzayala pa miyala masabata oyamba musathamangire mankhwala, ndi tindere tating'onoting'ono totchedwa ma diatoms, timatha tokha.