Landira ndi manja awiri, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, wafunsa kuti umvere ndani: abusa akuti ndiwe wochimwa, anzako pa Facebook akuti palibe wokuposa. Ukutinso akakuyamikira kukwaya umayankha kuti "ine ndine ndani", usiku n'kugona ukudzida. Ukanafunsa kuti chinthu chopatsidwa timachilandira bwanji.

Kale mwana ankadziwa zimenezi asanayambe sukulu. Wamkulu akakuitana kuti akupatse kanthu, kaya nthochi kaya nsalu, unkafika pafupi n'kugwada, mnyamata n'kunyonyomala. Unkayamba wawomba m'manja pang'ono, kenako n'kutambasula manja onse awiri. Chikakhala chaching'ono, dzanja lamanja linkalandira, lamanzere litagwira pamkono. Zikomo ankamveka bwino, osati wa kukhosi. Sunkachitembenuza pamaso pa mwiniwake kuti uone ngati n'chabwino. Lero mwana akulandira ndalama kwa agogo ake ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pa foni, ndipo zimandiwawa.

Olakwa ankakhala awiri. Wina ankatsomphola ali chiimire, poganiza kuti n'chake kale. Wina ankabisa manja kumbuyo n'kumati "ayi, ine sindiyenera". Wachiwiriyu amaoneka wodzichepetsa, koma amayi ankamudzudzula chimodzimodzi, chifukwa wasiya dzanja la wamkulu lili m'malere, wanyoza mphatso pamodzi ndi woipereka.

Pa Genesis 2:7 timamva kuti munthu anaumbidwa ndi dothi, n'chifukwa chake timagwada. Pa Genesis 1:27 timamva kuti analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, n'chifukwa chake sitibisa manja. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 ananenadi kuti sayeneranso kutchedwa mwana, koma bambo ake anaitanitsa mkanjo, mphete ndi nsapato, ndipo sitimva kuti anakana kuvala.

Tsono Lamulungu likubwerali akakuuza kuti waimba bwino, uyankhe kuti "zikomo, tithokoze Mulungu", basi. Usawonjezere kuti unaphonya ndime yachiwiri, usazungulirenso pabwalo kuti ena akuyamikire. Ukachimwa, litchule tchimolo popemphera: ndinanama, ndinayankha amayi mwamwano. Kenako ukapepese kwa amene unamulakwirayo. Kungonena kuti "ndine wachabechabe" si kulapa, chifukwa mawa sudziwa choti ukonze. Ndipo kudzidako kukafika pokusowetsa tulo kapena kukukanikitsa kudya, usakubise. Uwauze amayi ako kapena azakhali, apite nawe kuchipatala.