Mphoto za pa tsamba la dipatimenti zisakusankhireni sukulu

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu, amene wapeza malo a uinjiniya m'mayunivesite awiri, apite kumene tsamba la dipatimenti ladzaza ndi nkhani za mphoto ndi kafukufuku, kapena kwinako kumene tsamba lawo lili zii. Nkhanizo ziwerengeni ndithu, koma yambani mwafufuza ngati pulogalamu imene akukaphunzirayo ndi yovomerezeka ndi bungwe lounika maphunziro a mainjiniya m'dziko limenelo. Ku America amaunika ndi a ABET, ku South Africa ndi a ECSA. Chivomerezochi amapereka ku pulogalamu iliyonse payokha, choncho pa yunivesite imodzi yomweyo Civil ikhoza kukhala yovomerezeka pamene Mechatronics imene angoiyamba kumene sanaiunike n'komwe. Pa tsamba zonse ziwiri zimaoneka zokongola mofanana. Kusiyana kwake mwana adzakuona akamaliza, podzafuna kulembetsa kuti azisainira ntchito ngati injiniya.

Ngati ali ndi maganizo odzagwira ntchito kunja, funsaninso za Washington Accord. Ndi mgwirizano umene mabungwe a m'mayiko 6 anasainirana mu 1989: America, Britain, Canada, Australia, Ireland ndi New Zealand, ndipo South Africa inalowamo mu 1999. Digiri imene bungwe limodzi laivomereza, enawo amailemekeza. Palinso Sydney Accord ya mu 2001 ya ma technologist (amene maphunziro awo ali pakati pa a injiniya ndi a tekinishani) ndi Dublin Accord ya mu 2002 ya ma technician, ndiye wina akangoti "ndife odziwika padziko lonse", mufunseni kuti ali pansi pa mgwirizano uti.

Pa mphotopo, funso ndi lakuti anagwira ntchitoyo ndani. Kafukufuku wambiri amene madipatimenti amanyadira amachita ndi maprofesa pamodzi ndi ophunzira a Masters ndi PhD. Ndi wabwino, amabweretsa ndalama ndi zipangizo, koma wa chaka choyamba mwina labu imeneyo azingoionera pa windo. Nawonso masanjidwe a mayunivesite amene mabungwe a QS ndi Times Higher Education amatulutsa amadalira kwambiri kutchuka kwa yunivesite ndi kuchuluka kwa akatswiri amene atchula zolemba zake, zomwe sizikuuzani ngati lekichala wa Thermodynamics amafotokoza zomveka. Nkhani zimene ine ndimazitenga zenizeni ndi za ana a digiri yoyamba, monga mpikisano wa Formula Student umene bungwe la mainjiniya a makina la IMechE limachititsa ku Britain, kumene ophunzira amapanga okha kagalimoto kothamanga, kapena wa bungwe la mainjiniya a Civil la ASCE ku America wopanga bwato la konkire n'kulipalasa pamadzi. Gulu likafika kumeneko, ngakhale lithere kumapeto, ndiye kuti ana amaloledwa kugwira zida.

Mukapeza mpata wokaona, musathere mu ofesi ya hedi. Kwa wa Civil, pemphani kulowa mu labu ya konkire. Muyenera kupeza timabokosi tachitsulo toumbiramo konkire ta mamilimita 150 mbali zonse, thanki ya madzi mmene amaviika konkireyo mpaka masiku 28, ndi makina amene amamupanikiza mpaka kusweka kuti aone mphamvu yake. Thanki ikakhala youma, makina ataphimbidwa ndi pepala la pulasitiki lodzaza fumbi, mwadziwa kale. Funsani kuti pa makina amodzi pamaima ana angati, komanso ngati amayesa okha kapena amangoonerera tekinishani n'kukopera manambala.

Za atachimenti musaiwale: dipatimenti imawapezera malo, kapena aliyense amadziyendera yekha ndi kalata m'manja? Pemphaninso mndandanda wa mapulojekiti a chaka chomaliza a zaka ziwiri zapitazi. Mitu ikamangobwerezabwereza, pali ulesi penapake.

Dipatimenti ya tsamba la zii ija musaitaye msanga, chifukwa kwina amangosowa munthu wolemba nkhani. Ndipo pa tsamba lodzaza lija yang'anani madeti, mwina mphoto zonsezo ndi zakalekale ndipo profesa amene anazipata anachoka. Mwana wanu afunefune ophunzira a chaka chachitatu a mbali zonse ziwiri pa Facebook kapena LinkedIn, awafunse kuti teremu yathayi analowa mu labu kangati.