Za malo ogona ku Margate pa December

Asisi, ndaona funso lanu loti mukufuna kupita ku Margate, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku KwaZulu-Natal, pa December ndi abambo akunyumba ndi ana atatu, ndiye simukudziwa kaya mutenge hotelo kaya guest house kaya fulati. Ife tapitako kawiri kuchokera kuno ku Joni, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga.

Inu a ana atatu tengani self-catering basi, fulati yoti muziphika nokha. Ku hotelo adzakuuzani kuti mutenge zipinda ziwiri, kenako chakudya cha anthu faifi kumagula katatu pa tsiku, bonasi yonse ithera pamenepo. Ndiponso ana athuwa akasewera m'madzi tsiku lonse madzulo amafuna nsima, chipisi sichiwagwira m'mimba. Koma nyamulani mthiko, chipande ndi poto wanu mmodzi wamkulu chifukwa timapoto ta m'mafulatimo ndi topyapyala, nsima imapserera pansi pamwamba isanapse.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Margate ndi wa zitunda, ndiye akalemba kuti sea view sikuti nyumbayo ili pafupi ndi madzi ayi. Ulendo woyamba ife tinakopeka ndi chithunzi cha pakhonde, nyanja ikuoneka bwinobwino, ndipo tinafikadi n'kuiona, koma kuti tiponde mchenga tinkatsetsereka ulendo wautali ndithu ndipo pobwerera chinali chitunda chokhachokha, ine mwana kumsana, matawulo onyowa m'manja, abambo ake asenza cooler box, dzuwa lili nye. Tsiku lachitatu ana anakana kupitanso. Kutenga galimoto nako pa December malo oimika kugombe amadzadza m'mamawa. Ndiye musanalipire apempheni adilesi yeniyeni, muiike pa Google Maps muone kuti wapansi ndi mphindi zingati. Bola kafulati kakang'ono kopanda view koma koti mwana akafuna kutoileti muthamanga naye n'kubwerera.

Afunseninso za madzi, musachite manyazi. Chigawo chimenechi cha South Coast madzi a m'mipopi amavutavuta, makamaka anthu akachuluka pa holide. Funsani ngati ali ndi thanki yosungira madzi ya JoJo komanso pampu yake, ndi inverter magetsi akathima. Akamayankha mozungulira asiyeni.

Za dipoziti samalani kwambiri. Nyengo ino pa Facebook pamadzadza anthu oika zithunzi za nyumba za eni ake, mtengo wotsika modabwitsa, kumakufulumizitsani kuti tumizani lero lomwe ena akuifuna. Mukayenda makilomita pafupifupi 700, mwalipira ma toll onse a pa N3, n'kupeza pageti palibe akukudziwani, ana ali m'galimoto, zimenezo n'zowawa. Dutsirani pa Booking.com, Airbnb kapena LekkeSlaap, ndipo werengani zomwe alemba anthu amene agonako miyezi yapitayi, makamaka odandaulawo, ndi amene amanena zoona za madzi ndi phokoso.

China, ife Amalawi timakonda zoti mlamu naye akwere nawo, mwana wa achemwali naye tiyeni. Kumeneko akalemba kuti anthu 6 ndi 6 yomweyo, makomplekisi ena alonda amawerenga mitu pageti ndipo khanda nalo ena amaliwerengera. Nenani nambala yeniyeni poyamba pomwe. Mapasipoti musasiye, amafunsa polembetsa.

Ndikanakhala ine ndikanayang'ananso ku Uvongo kapena ku Ramsgate, ndi pafupi pomwepo, mphindi zochepa pa galimoto. Pakati pa Margate usiku wa December pamakhala nyimbo ndi anthu akumwa mpaka kucha, abwino kwa achinyamata koma osati a ana. Ku Uvongo kuli mathithi ogwera mu dziwe pafupi ndi mchenga, ana anga ankakonda pamenepo kuposa mafunde. Pajatu nyanja iyi si ya ku Senga Bay yoti mwana amangolowa, iyi imakoka, ndiye sankhani malo oyandikira gombe lomwe pali ma lifeguard, muzisambira pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu zija basi.

Bukani panopa asisi. Kuyambira cha pa 16 December mpaka New Year mitengo imakwera kwambiri ndipo ambiri salola masiku awiri atatu, amafuna sabata yathunthu. Ngati abwana angakuloleni kupita sukulu zikangotseka kapena mu January zisanatsegulidwe, fulati yomweyo muipeza motsikirako.